Kamera ya pa Mtengo wa Mandimu

Lachiwiri, 21 Juni

Uthenga wafika ndikutsuka makapu. Foni ya Aphunzitsi inalira pa shelefu, ine n'kuthamangira manja ali thovu lokhalokha, ngati kuti ndikachedwa andikalipira. Lero ndi tsiku la 19 chimwalirireni Aphunzitsi, mkazi wanga, koma foni yawo ndimaitchajabe m'mawa uliwonse. Kuitsegula sindingathe, nambala yotsegulira anapita nayo. Chimene chimaoneka pagalasi ndi mzere woyamba wokha:

"Okondedwa kasitomala, mwagwiritsa ntchito magawo 90 pa 100 a intaneti yanu ya mwezi uno. Ikatha, liwiro li"

Zotsalazo zili mkati.

Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti intaneti imatha. Ntchito tinagawana kalekale. Chilichonse chokhala ndi waya n'cha Aphunzitsi, poti ankaphunzitsa sayansi. Chokhala ndi masamba kapena chofuna sopo n'changa, poti ndinali wa ku laibulale. Kabokosi kophethira pamwamba pa kabati, kamene mwana wathu amati rauta, ine ndimangokapukuta fumbi.

Alamu, achimwene awo a malemu, akadali pa sofa. Anabwera kumaliro ndi kachikwama ka masiku atatu, anthu onse anabalalika, iwo alipobe. Tsiku lonse amaonera pafoni anthu akumasula mainjini a mathalakitala. Thalakitala alibe, munda alibe. Ndawauza za uthenga.

"Ndi anthu a pamaliro aja," atero osadzutsa mutu. "Munthu akati pepani, mawu achiwiri pasiwedi."

Akunena zoona. Mwana wathu Nesi anatopa kufunsidwa akulira, anailemba pa katoni n'kumata pachitseko. Iye anabwerera kuntchito sabata yatha, katoni ikadalipo. Zilembo zake zimagwera kumanzere ngati za mayi ake.

Lachitatu, 22 Juni

Ndaimba ku kampani. Mphindi 40 za nyimbo imodzi yomweyomweyo, kenaka mayi wa mawu aulemu.

"Ndikuyankhula ndi mwini akaunti?"

"Mwini wake anamwalira pa 2."

"Pepani kwambiri, bambo. Kodi angabwere pafoni kuti atsimikize..." Anaima. "Pepani. Zalembedwa pano, ine ndimangowerenga."

Ndinati asadandaule, nanenso ndikanakonda akanabwera. Tinaseka pang'ono tonse awiri, kuseka kwa anthu amene agundana pakhomo.

Nkhani yake ndi iyi. Kuwonjezera intaneti n'kwa mwini akaunti yekha. Kuti akaunti ikhale yanga pafunika fomu, chikalata cha imfa, ndi masiku 14 ogwira ntchito. Yatsopano ibwera yokha pa 1. Ya mwezi uno ikatha sadula, amangochepetsa liwiro. Ndinafunsa kuti malirewo amaikiranji. Akuti tonse a mumsewu muno timamwa paipi imodzi, ndiye akapanda kuika malire nyumba ziwiri zitatu zimatsegula mipope usana ndi usiku, ena n'kumalandira madontho. Ndinati kuno kuli madala awiri ndi thalakitala imodzi.

"Komatu bambo, kwanuko kuli chinthu chimene chimatumiza osapuma, kuyambira mu Malichi. Muli ndi kamera?"

Ndinati ayi. Nditaika foni pansi ndinakumbukira.

Mtengo wa mandimu. Aphunzitsi anali pa nkhondo ndi wakuba wosaoneka. Ankalemba manambala pa mandimu ndi cholembera chakuda, m'mawa n'kupeza kuti 14 kulibe. Mu Malichi anagula kanthu konga dzira n'kukamangirira pansi pa denga la shedi. Anandifotokozera tikudya. Ine ndinali ndi buku pambali pa mbale, ndinkangoti eya, eya.

Kalipo. Kakuyang'anabe mtengo.

Kuchipinda chawo chaching'ono ndinali ndisanalowemo. Kompyuta yakale ija ikadali yoyaka chiyatsireni iwo pa 31 Meyi, tsiku limene anagwa kukhitchini. Nditagwedeza mausi panatuluka tsamba la kamera. Masiku ali m'ndandanda, tsiku lililonse mafayilo 24, ola lililonse fayilo yake. Pamwamba pali mawu ang'onoang'ono: zimasungidwa masiku 30, kenaka zimafufutidwa. Lakale kwambiri lero ndi 23 Meyi. Ndiye kuti m'menemo muli masiku asanu ndi anayi amene Aphunzitsi akuyenda pansi pa mtengo uja, ndipo usiku uliwonse tsiku limodzi limachoka. La 31 lidzachoka pa 1 Julaye, tsiku lomwelo limene intaneti yatsopano ikufika.

Zithunzi zawo tili nazo, koma zonse ataima chilili, atamukwiyira wojambula. Akuyenda kapena akuyankhula, tilibe ndi chimodzi chomwe.

Nesi wandiphunzitsa pafoni. Fayilo sioneka mpaka uitsitse, umadina kamuvi koloza pansi. "Koma adadi, musazimitse kompyutayo, musatseke tsambalo. Pasiwedi ya kamera sindiidziwa, mukatseka basi zapita." Ndamata pepala pa soketi, OSAKHUDZA. Ndayamba kutsitsa.

Lachinayi, 23 Juni

Foni ya Aphunzitsi yaliranso. 100 pa 100.

Ndapulumutsa mafayilo 6. A pa 23 Meyi, kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Yotsatira inaduka pakati, ndipo lero tsikulo palibe pa mndandanda.

Nesi: "Adadi, munayambira pakati pa usiku? Amayi ankathirira mandimu usiku?"

"Ndinayambira poyambira."

"Poyambira pa ndani?"

Zaka 31 ndakhala ndikusanja mabuku kuyambira pa A. Sizinandifikire n'komwe m'mutu kuti munthu angathe kulumpha. Anaseka, kenaka analira, kenaka anati odwala akumudikira. Madzulo anaimbanso n'kuyesa kundiphunzitsa kulumikiza foni yanga ku kompyuta. Titatha ola limodzi ndinali nditasintha chilankhulo cha foni, china palibe.

Alamu nawo dzulo anaonera injini yonse, kuyambira kuimasula mpaka kuilizanso. Ndinawaona, sindinawaletse. Munthu wataya mlongo wake. Ndinaona kuti akasiya thalakitala ayamba kuganiza.

Lachisanu, 24 Juni

Liwiro lochepetsedwa lija ndalidziwa tsopano. Kamzere kobiriwira kamayenda ngati munthu wobwera kudzapepesa, pang'onopang'ono, kuima, kuyang'ana pansi. Pakatha maola atatu kafika pakati, n'kuduka, n'kuyambiranso. Ndazula waya wa kamera kuti isamalimbirane nane. Palibe chasintha.

Ndinapita ku ofesi ya kampani ndi chikalata. Bambo wa pa kauntala anadinda fomu n'kuti masiku 14 ogwira ntchito. Ndinati ine ndili ndi 7 okha, kuphatikiza osagwira ntchito omwe. Ndinamufotokozera zonse, mandimu ndi zonse. Anayesetsa ndithu, anaitana abwana ake, onse awiri anawerama pa kompyuta n'kumaloza. Akuti batani lake palibe. Anandipatsa mapepala a mgwirizano, masamba 11 a zilembo zonga nyerere, kuti mwina ndingakonde kuwerenga. Sanadziwe kuti akupatsa ndani. Ndawerenga onse m'basi. Mawu olakwika kalembedwe atatu. Mawu akuti "mwachilungamo" kasanu ndi kanayi.

M'basi momwemo ndinakumbuka lamulo lathu la ku laibulale, mabuku atatu, masabata awiri. Wina akafunsa chifukwa ndinkati n'kuti enanso apeze nawo. Zinali zoona nthawi ya mayeso, pamene buku limodzi la masamu linkafunidwa ndi anthu makumi anayi. Miyezi ina yonse mashelefu ankangogona ndi fumbi, ine n'kumakanizabe lachinayi. Panali mayi wina wochokera kutali, ankabwera kamodzi pamwezi. Tsiku lina anapempha lachinayi, la mbalame, limene panalibe analibwerekapo zaka khumi. Ndinamukaniza mwaulemu kwambiri. Lero bambo wa pa kauntala wandiyankha ndi ulemu womwewo, mpaka kapendeketsedwe ka mutu.

Pofika kunyumba ndapeza mawindo onse otseka, rauta itavundikiridwa ndi thaulo.

"Zinthu izi zili ngati petulo, Alamu," atero. "Ukasiya poyera zimauluka. Mwina pansi patsalako pang'ono."

Kabokosi kanali katatentha ngati ayironi. Ndachotsa thaulo iwo atapita kukasamba. Atabwera anayang'ana kabati, anayang'ana ine. Tikukhala ngati banja tsopano.

Loweruka, 25 Juni

Lakale kwambiri ndi 26 Meyi. Kamzere kaduka kanayi.

Lamlungu, 26 Juni

Popeza china ndilibe, ndaonera maola anga asanu ndi limodzi a mdima. Onse, mwadongosolo, kuyambira m'mawa.

Mtengo wotuwa. Mphepo. Njenjete yaikulu inakhala pa kamera mphindi zisanu ndi ziwiri. 2:15 mphaka wadutsa, 2:50 wabwerera. Pa ola lachitatu Alamu, amene thalakitala yawo sikuyendanso, anakoka mpando n'kukhala pambali panga ndi tiyi. Anati ayi ndithu, si zoipa monga ankaganizira, kungoti zikuchedwa kuyamba.

5:41, kukuyamba kuyera. Kumanzere, pamwamba pa mpanda, kwatulukira ndodo. Paipi yaitali yapulasitiki, yonga imene amalowetsamo mawaya m'khoma, kunsonga kwake kuli ngowe ya waya yokulungidwa ndi tepi yofiira. Yalowa m'masamba mosapupuluma, yafufuza, yakola ndimu, yapotokola, yabwerera. Patapita mphindi imodzi yabweranso. Munthu saoneka, ngakhale chala.

"Bwezani," atero Alamu. Ndinabweza katatu. "Ameneyu si wophunzira ayi."

Tepi yofiirayo ndikuidziwa. Ili pa waya wa ayironi yathu, ili pa chogwirira cha ketulo. Ndi ya Amagetsi a kuseri kwa mpanda, amene anapuma ntchito chaka chimodzi ndi ine ndipo amatikonzera chilichonse osalandira kanthu. Pamaliro ndi iwo anakoka magetsi panja, ananyamula mipando masiku atatu, osayankhula ndi munthu.

Fayilo yomaliza imathera pa 5:59. Mphindi yomalizayo nyali ya kukhitchini ikuyaka, kuwala kwake n'kugwera pa udzu. Basi, yatha. Pamenepo Alamu sanati bwezani.

Lolemba, 27 Juni

Amagetsi anaiwala chingwe chawo cha magetsi kuno chithereni maliro. Ndinachikulunga n'kupita nacho, kuti ndikhale ndi chonyamula.

Ndinawapeza pakhonde akumasula wailesi. Tinalonjerana, ananena za mphepo, ndinanena za mphepo. Kenaka ndinati, "Aneba, ndodo yanu ndinaiona pa kanema."

Anatembenuza sikuludiraiva m'manja.

"Yaoneka bwino?"

"Kwambiri."

"Mayi aja ankadziwa," atero. "Mu Epulo anabwera ndi ayironi, akuti aneba tepi iyi ndinaionapo penapake. Ndinati imagulitsidwa paliponse. Mawa lake anayamba kulemba manambala akuluakulu, mbali yoyang'ana kwathu."

Ndinafunsa kuti bwanji sankangopempha. Akuti anapemphapo kamodzi, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, anapatsidwa thumba lodzaza, koma sanakome chimodzimodzi.

Ndinati sindinabwerere mandimu. Ndinawafotokozera za masiku 30, za kamzere koduka, za 1 Julaye. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti ndatsitsa maola ati. Nditawauza anaika sikuludiraiva pansi n'kugwira mutu ndi manja awiri.

"Usiku mayi aja satuluka. Amatuluka 6:20 ndi ndowa ya buluu. Lamlungu 7:10. Loweruka amachedwa pang'ono, 6:45, chifukwa mumayamba mwakangana za nyuzipepala. Lolemba 9 koloko amayanika zovala pa chingwe cha pafupi ndi mtengo. Madzulo alionse 4:30 amawerenga mandimu n'kulemba atsopano."

Amatuluka, amayanika, amawerenga, ngati akadalipo. Sindinawakonze.

Ine mwamuna wawo sindikanatha kunena ngakhale mtundu wa ndowa. Ndinafunsa kuti zonsezi anazidziwa bwanji.

"Nanga ndikanaba bwanji osadziwa?"

Intaneti yawo ndi yaing'ono, ya munthu mmodzi, ndipo mwezi uli kumapeto. Anayang'ana pafoni, anawerengera pa zala, akuti ingakwanire mafayilo 9, mwina. Ndikudziwa kuti amaisungira mdzukulu wawo, amene amaonana naye pa foni madzulo. Ndinati ayi aneba. Anati mdzukulu adzawaona pa 1, nkhope sikhala itasintha.

Masana anabwera ndi mkulungo wa waya wotuwa. Kuchokera pa rauta yawo, pawindo, pamwamba pa mpanda, kudutsa m'nthambi za mtengo womwewo, mpaka kuchipinda cha Aphunzitsi. Alamu anagwira makwerero ndi dzanja limodzi, linalo likulozera kumene waya adutse. Amagetsi sanawamvere ngakhale kamodzi koma ankati "chabwino, bwana" nthawi iliyonse.

Akumangirira kamutu kunsonga kwa waya ndinawauza za paipi imodzi ya mayi wa ku kampani. Anaseka m'mphuno.

"Madzulo inde. Anthu akaweruka, aliyense ndi kanema wake, pamenepo msewu umadzaza, sindikana. Koma waya satopa, aneba. Panopa, 2 koloko masana, ndani akulimbirana nanu? Ngati vuto ndi madzulo, bwenzi akuwerengera za madzulo zokha. Iwo amawerengera zonse, kuti wa kakang'ono akhumbire chachikulu."

Alamu anati ndi zimene akhala akunena. Si zimene akhala akunena.

Ine ndikuona kuti mayi uja sananame, Amagetsinso sananame. Nthawi ya mayeso inalipodi ku laibulale. Kunalinso khadi lapadera lolipira la mabuku asanu ndi limodzi, limene tinkalikonda anthu akamalifunsa.

Itakwana nthawi yozula waya wakale ku kompyuta, ndinatuluka m'chipinda. Ndinaima pakhonde ngati mmene ndinaimira tsiku lobadwa Nesi. Kenaka Alamu anasuzumira. "Tsamba lilipo."

Masiku otsala ndi anayi, 28 mpaka 31. Amagetsi ankatchula, ine ndikulemba. Loweruka 6 koloko ndi 4 madzulo. Lamlungu 7 ndi 4. Lolemba 6, 9 ndi 4. Lachiwiri 6 koloko yokha, poti masana ake tinali kale kuchipatala. Zakwana 8. Yotsalayo ndinafuna ndisankhe ndekha, koma sindinadziwe kuti ndiloze pati. Amagetsi anayang'ana kukhoma n'kuti, "Lolemba, 12 koloko masana." Ndinafunsa kuti kuli chiyani. Akuti tsitsani basi.

Kamzere kakuthamanga ngati kakuthamangitsidwa ndi galu.

Lachiwiri, 28 Juni

Zonse 9 zalowa. Yomaliza itangotha, foni ya Amagetsi inalira m'thumba. Anaiyang'ana n'kuti, "Talowa gulu limodzi."

Azikopera pa tifulashi tiwiri, kena ka Nesi. Kanga ndakaika mu envelopu, envelopu ndaiika mu dikishonale yaikulu, kenaka ndaitulutsa chifukwa ndinaganiza za moto, kenaka ndaibwezera.

Sindinatsegule ngakhale imodzi. Ndachapa makatani m'malo mwake.

Lachitatu, 29 Juni

Taonera limodzi tonse atatu, cha m'ma 10 m'mawa. Amagetsi anabwera atavala malaya a kolala. Alamu anameta ndevu.

Loweruka, 6:44. Chitseko chikulira, ndowa ya buluu ikulowa kumanja, kumbuyo kwake Aphunzitsi. Ndinali nditaiwala kuti poyenda ankaponya mwendo wamanzere kunja pang'ono. Masabata anayi okha, ndinali nditaiwala kale.

Kamera anailozetsa ku mandimu, osati kwa anthu, ndiye kwambiri tikuona msana ndi chipewa cha udzu chija. Akuthirira. Akuwerama, akudzuka atagwira m'chiuno. Akuuza mtengo kuti masamba achikasuwa sakuwafuna, anaupatsa manyowa sabata yatha, ufuna chiyaninso. "Ankatero ndi ine tili ana," atero Alamu.

Madzulo a Loweruka akuwerenga mokweza, cholembera chili kukamwa. 21, 22, 24. Aima. Abwerera. 22, 24. Atembenukira ku mpanda, manja m'chiuno, nthawi yaitali ndithu. Amagetsi anatsetsereka pa mpando mpaka mawondo anagunda tebulo.

"23 anali wamadzi," anatero motsitsa mawu.

Lamlungu m'mawa anabwera molunjika pa kamera, nkhope n'kudzaza galasi lonse, mphuno yaikulu ngati ya munthu wina. Anapumira mpweya pa kamera, anapukuta ndi nsonga ya malaya, anayang'anitsitsa mkati ngati akuyang'ana mwana wakhala kumbuyo kwa kalasi. Tonse atatu tinawongoka.

Lolemba 9 koloko akuyanika malaya anga. Afika pa loyera lija, aliyang'ana kolala, apukusa mutu, alibwezera m'beseni. Ndinachapa ndine.

Ya 12 koloko masana tinaisiya komaliza. Mtengo wokha, dzuwa, zovala zikugwedezeka. Mphindi khumi palibe kanthu. Alamu anayamba kunena kuti aneba mwatitayitsa fayilo. Kenaka kunamveka mawu, chakumbali, kumene kamera siifika. Akuimba. Aphunzitsi, amene kutchalitchi ankangoyendetsa milomo, amene pa ukwati wathu anakana kuimba pamaso pa anthu. Akuimba mokweza, molakwitsa, mawu akaiwalika n'kumangoti la la la, uku akumenya china chake chonga beseni. Mphindi zinayi. Lolemba nthawi imeneyo ine ndimakhala nditapita kukagula nyuzipepala.

"Lolemba lililonse," atero Amagetsi. "Ndinkazimitsa wailesi."

Alamu anadzuka n'kutuluka. Tinawaona pawindo ataima pa shedi, atatifulatira, mapewa akugwedezeka. Amagetsi anayamba kuyang'ana soketi ya pakhoma ngati ili ndi vuto. Ine ndinakatereka madzi.

Ya Lachiwiri sitinaitsegule. Anthu awiriwa sanafunse.

Lachinayi, 30 Juni

Alamu pa tiyi akuti anyamuka Loweruka, akhalitsa. Ndinadzimva ndikuti malizani kaye sabata yamawa, mawindo a kuchipinda chapakati akufuna munthu wamtali. Anati aona. Si wamtali.

Atapita kumsika ndinatsegula ya 31 Meyi ndekha.

6:19 atuluka opanda ndowa. Ayang'ana pansi pa mtengo, ayang'ana kuseri kwa shedi. Atembenukira kunyumba.

"Apulofesa." Ndi mmene ankandiitanira akafuna kuti ndidziwe kuti buku alionanso. "Apulofesa, ndowa."

Palibe yankho. Athyola tsamba louma, alipinda, alitaya. Aitananso. Adikira, dzanja lili m'chiuno. Kachitatu sanakweze mawu, anangoti "Apulofesa inu," akumwetulira chakumbali, ngati munthu amene akudziwa tsamba limene ndafika.

6:26 ndikutulukira ine. Sindinkadziwa kuti ndilimo. Mdala wowerama, jezi yovala mozondoka, buku kukhwapa, chala chili mkati posungira tsamba. M'dzanja linalo ndanyamula beseni. Aliyang'ana beseni, andiyang'ana ine. Zimene ananena sizikumveka, mphepo inawomba. Alandira beseni, aliika pansi, andikonza kolala ndi manja awiri, anditembenuza mapewa n'kundikankha pang'ono kumsana kuti ndibwerere. Ndikuchoka ndikutsegula buku ndisanatuluke n'komwe m'chithunzi. Iwo akundiyang'anabe mpaka chitseko chalira.

M'mawa umenewo sindiukumbukira. Buku ndikulikumbukira.

Ndaonera kawiri. Kenaka ndinabwerera pa tsamba la kamera. 31 Meyi ili pansi penipeni pa mndandanda, pamwamba pake masiku a mtengo wokha ndi miyendo ya anthu a pamaliro. Ndamatula pepala la pa soketi. Ndatseka tsamba, ndazimitsa kompyuta. M'chipindamo munali kaphokoso kamene sindinkakamva mpaka katasiya.

Madzulo ndakhala ndi wotchi ndi pensulo, fayilo iliyonse payokha. Aphunzitsi akuoneka mphindi 47. Mwa zimenezo, 38 ndi msana ndi chipewa. Nkhope yonse kawiri. Kuimba mphindi zinayi, osaoneka. Kundiitana katatu. Tili limodzi masekondi 50.

Ndi zimene ndili nazo.